Kutsika Phiri la Daures

Mkazi wanga Renathe anafika kuchokera ku Jeremani Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi anali atayamba kale kundiumiriza kuti tikwere phiri.

"Munthu wangotsika ndege dzana," ndinatero. "Puma kaye. Daures silithawa, lakhala pomwepo chilengedwere dziko."

"Ndatopa n'kuona makoma ndi mitambo, Alfeus. Ndikufuna miyala. Ndikufuna dzuwa lindiwambe mpaka ndidandaule."

Kukweza alendo phiri limeneli ndiyo ntchito yanga. Ndinayamba ndi kusenza zigubu za madzi pambuyo pa malume anga, ndipo pano ndatha zaka khumi ndi zisanu ndikutsogolera ndekha. Renathe ndinamudziwira komweko. Anali m'gulu la kwaya ya tchalitchi chathu cha ku Uis limene ndinalikweza chaka china, ndipo mwa anthu khumi ndi awiri ndi iye yekha amene anafika pansonga akuimbabe. Titakwatirana, nyengo yozizira iliyonse ndinkapatula masiku atatu opanda alendo kuti tikwere awiriwiri. Ngakhale atabadwa Dantago, mwana wathu wamkazi, tinkamusiya ndi amayi anga n'kunyamuka.

Kenako panapezeka mwayi wokaphunzira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Kassel. Renathe anapita Dantago ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'zaka zitatu anabwera kamodzi kokha, pa Khirisimasi, ndipo chibwererereni ulendo umenewo panali patatha chaka ndi theka.

Panali tizinthu timene ndinationa masiku oyambawo. Ankagona m'chipinda cha Dantago, akuti mwana wasowa amake nthawi yaitali. Juzi yaikulu yotuwa imene anabwera atavala sankaivula. Mbuzi imene tinamuphera anangoilawa. Ine ndinati n'kutopa kwa ulendo, ndiponso manyazi a anthu amene atalikirana. Ndinati tikafika kuphiri zikatha zokha.

Loweruka m'mamawa msuweni wanga Bernadus anatinyamula pa pikapu yake mpaka kuchigwa cha Gaseb, kumene njira imayambira. Bernadus pakamwa pake sipapuma.

"Msuweni, njala ya chaka ndi theka, ndiye mwati mukamasulire kuphiri? Anyani akulakwirani chiyani kuti aone zimenezo?"

"Yang'ana msewu, iwe."

"Alamu, kodi azungu amakudyetsani chiyani? Masaya awa si a ku Uis ayi."

"Mbatatesi, alamu," anayankha Renathe. "M'mawa mbatatesi, madzulo mbatatesi." Anaseka pang'ono n'kutembenukira kuwindo.

Tinapangana kuti Bernadus adzatitenge Lolemba cha m'ma folo koloko masana. Tinasenza zikwama zathu, iye n'kubwerera akutiimbira hutala.

Tsiku loyambalo, ndisaname, linali labwino. Dzuwa litangotuluka miyala yonse inafiira ngati makala, miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana mpaka kumwamba. Renathe ankayenda patsogolo panga akugwiragwira chilichonse. Anathyola kanthambi ka mtengo wina waufupi wonenepa tsinde, n'kumanunkhiza utomoni wake atatseka maso. Mbira zinali zitandandalika pathanthwe kuwothera dzuwa, iye n'kuzipatsa moni imodziimodzi ngati azakhali ake. Titakwera ndithu tinaona zinkhoma ziwiri, mbawala zing'onozing'ono za m'miyala, zitaima pansonga ya mwala, miyendo yonse inayi pamalo osakwana chikhatho. Zinatiyang'ana, n'kulizira kamluzu kawo, n'kulumpha.

"Kumene kuja ndimayendanso m'nkhalango masiku opuma," anandiuza titakhala pansi kumwa madzi. "Koma nkhalango yake ya zikwangwani. Ukayenda pang'ono wapeza benchi. Ukayendanso wapeza nyumba yogulitsa keke."

"Nanga munthu amasochera bwanji?"

"Sungasochere. N'zimene zimatopetsa."

"Ndipititse ine, ndikazule zikwangwanizo usiku umodzi."

Anaseka kwambiri, kuseka kwake kwakale kuja kotulutsa misozi. Kenako anakweza chala. "Tamvera."

"Chiyani?"

"Palibe. N'chimene ndimafuna kumva. Kumene kuja ngakhale utatseka mawindo onse pamakhala chinachake chikulira."

Pansi pathu chipululu chinali chitayala mpaka kumene maso amalekezera, chotuwa, chachikasu, mizere ya mitsinje youma ikuoneka ngati mitsempha ya padzanja. Renathe anavula chipewa n'kukweza nkhope kudzuwa nthawi yaitali.

Koma munthu woperekeza alendo makutu ake amakhala pa mpweya wa mnzake. Renathe ankapuma mofulumira kuposa kale, ndipo ankaima pafupipafupi, akunamizira kujambula zithunzi. Lamba wa chikwama wa m'chiuno anali atamumasula, kulemera konse kuli pamapewa, chinthu chimene iye mwini ankaseka nacho alendo anga. Pamalo ena pamene munthu amayenera kukwera chokwawa, mimba itagunda mwala, iye anakwera chammbali, movutikira. Madzulo titafika pamsasa ndinatsegula chitini cha nsomba, iye n'kusuntha kukakhala kumene kumachokera mphepo. Anadya buledi ndi tiyi basi. Dzuwa litalowa analowa m'thumba lake logonamo, akuti miyendo yamukana.

M'mawa mwake tinasiya mapoto pamsasa n'kuyamba ulendo wa kunsonga. Cha m'ma naini mphepo inatembenuka, n'kuyamba kuchokera kum'mawa. Mphepo imeneyi timaidziwa: imabwera pakati pa nyengo yozizira, koma yotentha ngati ikutuluka mu uvuni, ndipo imaumitsa milomo munthu ukuona. Tinafika paphanga lina limene tinkalikonda, lokhala ndi zithunzi za anthu akalekale pakhoma, anthu ofiira oonda atandondozana ndi ndodo zawo, kadyansonga ali pakati pawo. Pafupi pake pali mng'alu wa thanthwe umene umasunga madzi a mvula. Chaka chimenecho munali mutatsala ochepa, obiriwira.

Ndikudzaza mabotolo ndinamva Renathe akusanza kuseri kwa mwala. Atabwerako anali thukuta lokhalokha. Anayesa kupirira, koma kutentha kunamuposa, ndipo anavula juzi ija. Mphepo inakankha malaya ake opyapyala n'kuwamata pathupi.

Ndinayang'ana. Botolo linadzaza mpaka kusefukira m'dzanja langa ine ndikuyang'anabe. Ndinayamba kuwerenga miyezi m'mutu, ngakhale panalibe chowerenga.

"Rena," ndinatero. "Miyezi ingati?"

Sanabise ndi manja. Anangoima, juzi ili m'dzanja.

"Inayi ndi theka."

Ndinatseka botolo lija bwinobwino, n'kuliimika pamthunzi. Sindikudziwa chifukwa chake ndinasamala botolo choncho.

"Bambo a Dantago," anatero, "khalani pansi ndikuuzeni bwino."

Chikwatiranireni anali asanandiitanepo choncho tili awiri. Sindinakhale.

"Ndani?"

"Dzina lake ndi Marek. Kwawo ndi ku Poland. Amaphika kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito."

"Wophika."

"Inde."

Ndinaseka, kuseka koipa kumene kunabwerera kuchokera m'phanga. "Ndiye mbatatesi zija n'zimenezi."

Anagwetsa nkhope. Kenako anayamba kufotokoza, mawu ali pansipansi, ngati munthu amene wakhala akuziloweza m'ndege monse. Anati chaka chatha, nyengo ya chisanu, pamene kumada folo koloko isanakwane, anadwala m'mimba mwadzidzidzi n'kuchitidwa opaleshoni. Asanalowe anandiimbira kakhumi ndi kamodzi. Ine ndinali kuphiri kuno masiku asanu ndi alendo, kopanda netiweki.

"Nditatsika ndinakuimbira," ndinatero.

"Munaimba. Munati Mulungu ndi wabwino, wachira. Kenako munandiuza za mbuzi imene inagwidwa ndi nkhandwe."

Ndinakumbukira. Ndinkafuna kumuseketsa.

Anati atatuluka m'chipatala sankatha kutsika masitepe a nyumba imene ankakhala. Marek ndiye ankakwera nawo tsiku lililonse akaweruka, atanyamula msuzi m'botolo. Milungu itatu. Sankalankhula zambiri, ankangotsuka mbale n'kumapita. Zinazo zinadza pambuyo, pang'onopang'ono, iye akudziuza kuti palibe chimene chikuchitika.

"Ndinakupemphani kangati kuti mubwere? Mapepala a sukulu ya chilankhulo ya ku Swakopmund ndinakutumizirani kawiri. Mukukumbukira chimene munayankha?"

Anadziyankha yekha.

"Munati, ine ndisiye phiri ndikasambitse nkhalamba za azungu? Munanena mukuseka. Tsiku limenelo ndinali nditasambitsa nkhalamba zisanu ndi zinayi, ina itandilavulira kumaso." Anapukuta mphuno ndi juzi ija. "Sindikuti olakwa ndinu. Wolakwa ndine. Ndikungofuna mudziwe kuti sindinadzuke tsiku limodzi n'kuganiza zokupwetekani."

Pamenepo m'pamene mkwiyo unafika, koma unatulukira pena.

"Ndiye wakwera phiri ndi mimba? Mutu wako ukuyenda? Ukudziwa kuti chipatala chili kuti kuchokera pano? Ukanagwa pathanthwe lija dzulo ndikanatani nawe? Sukanandiuza kukhitchini ngati munthu?"

"Kukhitchini kuli amayi anu kuseri kwa lata. Kuli Dantago. Kuli Uis yense atatchera khutu. Ndimafuna mundikalipire pamene palibe wotimva." Anafinya juzi ija m'manja. "Ndiponso ndimadziwa kuti mukangodziwa, phiri lino sindidzalikweranso. Ndimafuna tsiku limodzi lokha. Dzulo lija."

Ndinachoka. Ndinayenda osaona kumene ndikupita, mpaka ndinafika pamphepete pamene phiri limathera n'kusiya phompho. Ndinatola mwala n'kuuponya, n'kutolanso wina. Ndinatukwana m'zilankhulo zonse zimene alendo anandiphunzitsa. Kenako ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, mphepo yotentha ija ikuumitsa misozi isanafike pachibwano.

Ndinene zoona: maganizo omusiya pomwepo anandifikira. Njira ankaidziwa, madzi anali nawo. Maganizowo anakhala mwa ine nthawi yokwana kumanga chingwe cha jombo. Kenako ndinayang'ana dzuwa, ndinaganiza za miyala ya m'chigwa mmene imatenthera mphepo imeneyi ikamaomba, ndipo ndinadzuka.

Ndinamupeza atakhala m'phanga muja, mawondo ali pachifuwa.

"Kunsonga sitipita," ndinatero. "Tikutsika. Bweretsani chikwama."

"Ndinyamula ndekha."

"Ndati bweretsani."

Ndinamangirira chikwama chake pamwamba pa changa. Ndinasefa madzi onse amene ndinatha kutunga mumng'alu muja, n'kunyowetsa mpango wake kuti afunde kumutu. Tinayamba kutsika.

Kutsika Daures n'kovuta kuposa kukwera. Mwala uliwonse umafuna kuti munthu aganize. Ndinkayenda patsogolo n'kumatembenuka.

"Pondani apa. Mwendo wamanzere kaye. Gwirani ndodo. Imwani madzi."

"Ndamwa posachedwapa."

"Imwaninso."

Titadutsa pamsasa n'kutenga mapoto, anaima. "Alfeus, usandilankhule ngati mlendo wako."

"Nanga ndinu ndani?"

Ndinaona kuti zamulasa, ndipo ndinakondwera, ndipo kukondwerako kunandinyansa.

Pali malo ena pamene thanthwe limatsika mowongoka kutalika kuposa munthu. Alendo ndimawatsitsa powagwira m'chiuno. Ndinatsika ndine poyamba, ndinatula zikwama, n'kukweza manja. Renathe anakhala pamphepete, akundiyang'ana.

"Bwerani."

Anatsetsereka, ine n'kumuwakha. Dzanja langa lamanja linagwira pamimba paja. Panali polimba, potentha, pozungulira bwino, monga mmene panalili nthawi ya Dantago. Thupi langa linakumbukira mutu usanaganize, ndipo chala changa chachikulu chinasisita kamodzi, mmene ndinkachitira kale. Tonse tinazimva. Ndinamuimika pansi msangamsanga n'kutembenuka kukamanga zikwama, ndipo ndinazimanga nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Masana onse mphepo sinaleke. Miyala inkaotcha m'manja. Renathe anayamba kuchita chizungulire, ndipo tinkayenda mphindi makumi awiri n'kupuma khumi, pamthunzi uliwonse umene tinkaupeza. Madzi ake atatha ndinathira anga m'botolo lake iye akuyang'ana kwina. Kachiwiri anandigwira.

"Iwe wamwa liti?"

"Ndamwa."

"Ukunama. Milomo yako yang'ambika."

"Inu muli awiri," ndinatero. "Imwani."

Anamwa akulira, madzi ena akutayikira pachibwano, ine n'kumukalipira kuti akutaya madzi. Tinagona pakati pa njira, pamchenga wa m'chigwa, aliyense mbali yake ya mwala.

Lolemba mphepo inagwa. Tinanyamuka kukuzizira, ndipo cha m'ma teni tinali titafika pansi, pamene Bernadus anatisiya. Panali patatsala maola asanu ndi limodzi kuti abwere, ndipo foni pamenepo sigwira. Tinakhala pansi pa mtengo waminga umene uli m'mbali mwa mtsinje wouma. Ndinakumba chigubu cha madzi chimene ndimakwirira pamenepo chifukwa cha masiku ngati amenewa, n'kuphika tiyi. Kutali, nthiwatiwa zitatu zinkayenda pang'onopang'ono m'chigwa, miyendo yake ikuoneka ngati ikusungunuka ndi kutentha.

Renathe anavula jombo. Mapazi ake anali atatupa, chala chimodzi chili ndi thuza lophulika. Ndinatulutsa bokosi la mankhwala n'kumuponyera. Anayesa kuwerama koma sankafikira bwino. Ndinamuyang'ana akuvutika kwa kanthawi, kenako ndinasendera, n'kuika phazi lake pabondo panga, n'kulitsuka.

"Amadziwa kuti uli ndi mwamuna?" ndinafunsa ndikumata pulasitala.

"Amadziwa."

"Amadziwa kuti wabwera kudzakwera phiri?"

"Ayi. Akanandiletsa."

"Ndiye ali ndi nzeru kuposa ine."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwachisoni. Ndinatsitsa phazi lake.

"Umamukonda?"

Ndinkayembekeza kuti anena kuti sakudziwa. Ndikanagwira pamenepo. Ndinali nditaganiza kale usiku wonse kuti mwana ndi mwana, kuti amuna ena analerapo ana otere, kuti Uis ikhoza kulankhula chaka chimodzi n'kutopa.

"Inde," anatero. "Pepa, Alfeus. Inde."

Ndinathira tiyi wotsala pamchenga n'kuyang'ana mmene ankalowera.

Kenako anati, "Pali nkhani ya Dantago."

"Palibe nkhani ya Dantago."

"Sukulu za kumene kuja n'zabwino. Akhoza kudzakhala dokotala, chilichonse chimene angafune. Chipinda chake chilipo kale."

"Chilipo kale," ndinabwereza. "Mwakonza kale ndi chipinda. Makatani mwasankha amtundu wanji?"

"Alfeus."

"Zaka zitatu ndamuluka tsitsi ndine. Unaliona? Poyamba anzake ankamuseka kusukulu, ndinachita kukaphunzira kwa mkazi wa Bernadus, mwamuna wamkulu ndikuluka chidole. Dzino lake loyamba linagwera m'dzanja langa. Atadwala chikuku ndinabweza alendo a mlungu wathunthu. Lero ubwere ndi sutikesi, unyamule mwana ngati wanyamula nsapato zimene unaiwala?"

"Ndine mayi wake."

"Uli naye wina m'mimbamo. Ine ndili ndi ndani?"

Anabisa nkhope m'manja. Mapewa ake ankagwedezeka. "Ukuganiza kuti sindidziwa? Lachisanu lija anandifunsa ngati ndimathira shuga mu tiyi. Mwana wanga sadziwa mmene ndimamwera tiyi. Ndikamusiyanso pano adzandiiwala, Alfeus. Ndidzakhala mayi wa pafoni mpaka kufa."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo zanga zinalinso zoona. Tinakhala pansi pa mtengo umodzi, mthunzi ukusuntha, ife n'kumasuntha nawo.

Bernadus anafika folo koloko itapitirira, fumbi lili m'mbuyo, wailesi ili pamwamba. Anatulutsa mutu pawindo.

"Taonani nkhope zake! Mwatopetsana eti? Msuweni, ndimati ndiwe mwamuna wamphamvu, koma alamu akumaliza!"

Palibe anaseka. Renathe anaimirira atanyamula jombo m'manja. Juzi ija sanaivalenso. Bernadus anamuyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso iye. Anazimitsa wailesi. Anatsika, n'kukweza zikwama zonse ziwiri yekha, n'kutsegulira Renathe chitseko cha kutsogolo. Ine ndinakwera kumbuyo. Ulendo wonse wobwerera ku Uis ndinakhala nditatsamira galasi, ndikuyang'ana phiri likuchepa.

Loweruka lotsatira malume a mbali zonse ziwiri anakumana kunyumba kwa amayi, abusa alipo. Analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Malume ake a Renathe anapepesa mpaka mawu kuwathera. Malume anga ankafuna kuti mwana asadzapondeko n'komwe ku Jeremani. Amayi anga sanalankhule kanthu tsiku lonse, koma Renathe atayamba kuchita nseru ndi iwo amene anadzuka kukamutengera madzi ndi ndimu, n'kumuikira pambali osamuyang'ana.

Anagamula kuti Dantago akhale ndi ine mpaka amalize pulayimale, giredi seveni. Tchuthi cha Disembala azipita kwa amake. Akamaliza, adzasankhe yekha. Ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu yokana, ndiponso chifukwa ndinaona kuti n'chilungamo, ngakhale chilungamocho chinkandiwawa ngati munga wa m'jombo.

Renathe anamuuza yekha Dantago, atakhala naye pa sitepe ya kukhomo. Ine ndinali m'khola la mbuzi, ndikumva zonse. Dantago anafunsa kuti, "Ndiye mwanayo azidzalankhula chilankhulo chanji? Ndizidzamva zimene akunena?"

Patatha masiku anayi Bernadus anamuperekeza Renathe ku Omaruru kukakwera minibasi ya ku Windhoek. M'mawa umenewo anabwera pamene ndinkakonza zingwe za zikwama, n'kuima pakhomo.

"Ndikupita, bambo a Dantago."

"Muyende bwino."

"Zikomo ponditsitsa."

"Ndi ntchito yanga."

Anadikira pang'ono, ngati pali china chimene ndinene. Chinalipo, koma sichinatuluke. Ndinamva chitseko cha pikapu chikutsekedwa, ndi Dantago akuthamangira galimoto mpaka pa mpanda wa sukulu.

Mwana anabadwa mu Novembala, wamwamuna. Chithunzi chinafika pafoni yanga, chifukwa Dantago alibe yake. Anandipempha kuti ndikachisindikize, ndipo ndinakachisindikiza. Chili pakhoma m'chipinda chake, kamwana kofiira kotseka maso, kovala chipewa choluka.

Disembala itafika ndinamuperekeza Dantago ku Windhoek kukakwera ndege. Tinalowa m'sitolo ya zovala zakaunjika n'kugula jekete yokhuthala, yaikulu moti manja ake sankaoneka. Wogulitsa anati adzakuliramo. Kubwalo la ndege mayi wina wa yunifolomu anamukoleka kachikwama ka mapepala m'khosi n'kumugwira dzanja. Dantago anandikumbatira mwachangu, maso ali kale kutsogolo, kumene kunali masitepe oyenda okha. Ndinakhala pabenchi mpaka ndege inanyamuka, n'kukhalabe mpaka munthu wosesa anandipempha kuti ndikweze miyendo.

Anabwerako mu Januwale atanenepa, tsitsi lili lolukidwa bwino kuposa mmene ine ndingathere. M'minibasi monse ankalankhula osapuma. Anati chipale chofewa, madzi oundana aja, chimalira ukachiponda. Anati mwanayo amagwira chala osasiya. Anati amalume Marek amaphika makeke opyapyala othira jamu, ndipo anamuphunzitsa kuwatembenuza m'mwamba. Atatchula dzinalo anandiyang'ana mwamantha, ine n'kumufunsa ngati sanagwetse ngakhale imodzi. Anati anagwetsa ziwiri, ndipo tinaseka.

Titadutsa Omaruru, msewu wa tala utatha, anatulutsa dzanja m'jekete ija, imene anakana kuivula ngakhale kunkatentha, n'kuyamba kupinda zala.

"Giredi faifi, giredi sikisi, giredi seveni," anatero. "Ndiye kuti zatsala zaka zitatu, eti bambo?"

Nkhope yake inali yowala. Sankadziwa kuti akundifunsa chiyani.

"Wawerenga bwino," ndinamuuza.

Anatsamira paphewa panga, ndipo tisanafike ku Uis anali atagona.